Anayenda pa machila, nanga ananyamula ndani?

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndi inu a Fomu 1 amene mumaima pakhoma pano kungoona zojambula, mwezi uno ndakutengerani nkhani ya amayi atatu akunja amene anayenda maulendo ataliatali mu Africa muno m'zaka za m'ma 1890, kenako n'kulemba mabuku. Wina anali wa ku America, wina wa ku Scotland, wina wa ku England. Awiri mwa iwo anaponda dothi la dziko lathu lino, ndipo njira imene anadutsa ndi yomwe ija timaloweza m'makope a History: Chinde, Mandala, Karonga, msewu wa Stevenson. Ndiye amene akukonzekera mayeso a MANEB apezapo kena kake. Koma powerenga, musunge funso limodzi m'mutu: tikamati mayi uyu anayenda makilomita mazanamazana, anayenda ndi miyendo ya yani?

May French Sheldon, mayi wa ku America

Tiyambe ndi amene anatchuka kwambiri. May French Sheldon anabadwa mu 1847 ku Pennsylvania, m'dziko la United States. Kwawo kunali kopeza bwino, ndipo mayi ake anali dokotala pa nthawi imene madokotala aakazi anali owerengeka. Mu 1876 anakwatiwa ndi Eli Sheldon, munthu wamalonda, ndipo banjali linakakhala ku London. Kumeneko anagwira ntchito yosindikiza mabuku, n'kumasuliranso buku lotchuka la Gustave Flaubert lotchedwa Salammbô kuchoka m'Chifalansa kupita m'Chingerezi.

Mu 1891, ali ndi zaka zopitirira 40, anaganiza zopita ku East Africa popanda mwamuna wachizungu womutsogolera. Masiku amenewo maulendo oterewa ankatengedwa kuti ndi a amuna okhaokha monga Henry Morton Stanley. Atafika ku Mombasa, akuluakulu a kampani ya Angerezi imene inkalamulira kumeneko sanamulandire ndi manja awiri. Iye sanabwerere. Anawolokera ku Zanzibar, napeza thandizo kwa Sultani, nasonkhanitsa amtengatenga oposa 130, ulendo wa ku phiri la Kilimanjaro n'kuyambika. Anazungulira pa bwato nyanja yaing'ono ya Chala, imene ili m'chidzenje cha phiri lomwe kale linkaphulika, pa malire a Kenya ndi Tanzania a lero. Anacheza ndi mafumu a Achaga ndi mitundu ina, akulemba za zovala, mikanda, zakudya ndi ntchito za amayi.

Anthu a kumeneko anamupatsa dzina loti Bebe Bwana, ngati kunena kuti mayi amene ali bwana. Pokaonana ndi mfumu ankavala diresi loyera lonyezimira, wigi, ndi lupanga m'chiuno. Ankagawa mphete zolembedwa dzina lake. Chonyamuliramo chake chinali cholukidwa ngati dengu lalikulu, chokhala ndi mipando yofewa ndi makatani. Pobwerera, onyamula anaterereka powoloka mtsinje, iye n'kugwa nacho chidengucho, ndipo anavulala kwambiri. Atachira anatulutsa buku lotchedwa Sultan to Sultan mu 1892, ndipo anakhala mmodzi mwa amayi oyamba kulandiridwa m'bungwe la Royal Geographical Society ku London. Chaka chotsatira amuna a m'bungwemo anatsekanso chitseko, moti amayi ena anadikira mpaka 1913 kuti alowe.

Kulimba mtima kwake sitingakukane. Koma pali mbali ina imene sitiyenera kuibisa. Mayi yemweyu ankalamula kuti amtengatenga osamvera akwapulidwe. Ndipo mu 1903 atapita ku Congo, kumene anthu ankazunzidwa ndi kudulidwa manja chifukwa cha mphira pansi pa ulamuliro wa Mfumu Leopold II ya ku Belgium, anabwerako akuikira kumbuyo ulamulirowo. Anamwalira mu 1936. Mwaona? Munthu angathe kuthyola mpanda umene unatsekera iye mwini, n'kukhala chete pa mpanda umene watsekera anzake.

Jane Moir ndi makalata a ku Mandala

Tsopano tibwere kwathu. Chaka chimodzi Sheldon asananyamuke, mayi wina anali atadutsa kale dziko lathu kuchokera kumwera mpaka kumpoto. Ameneyu ndi Jane Moir, mkazi wa Frederick Moir. Mukukumbukira kuti Frederick ndi m'bale wake John ndi amene ankayendetsa kampani ya African Lakes, yomwe inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, ndipo nyumba ya Mandala ya mu 1882 ilipobe ku Blantyre.

Mu 1890 Jane anatsagana ndi mwamuna wake kuchoka ku Mandala mpaka ku Ujiji, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, n'kubwerera. Makalata amene ankalemba m'njira anawasonkhanitsa kukhala buku lotchedwa A Lady's Letters from Central Africa, lomwe linatuluka mu 1891. Uwu unali ulendo wa kampani, wa malonda a minyanga ya njovu ndi nsalu, pa nthawi imene mkangano wa pakati pa kampaniyo ndi Mlozi ku Karonga unali usanatheretu.

Helen Caddick ndi njira ya mu 1898

Amene ndikufuna timutsatire phazi ndi phazi ndi Helen Caddick. Anabadwa mu 1845 ku West Bromwich, pafupi ndi mzinda wa Birmingham ku England. Sanali mmishonale, sanali mkazi wa bwanamkubwa kapena wa wamalonda. Anali mayi wa ndalama zake amene ankakonda kuona maiko, atanyamula kope ndi kamera. Anafika kuno mu 1898 ali ndi zaka za m'ma 50, msinkhu wa azakhali athu ena amene amati mawondo akuwawa akangofika pa Chulu trading. Dziko lathu panthawiyo linkatchedwa British Central Africa, dzina loti Nyasaland linabwera mu 1907.

Tengani mapu, tiyende naye.

Khomo lolowera linali Chinde, pamene mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja ya mchere, m'dziko la Mozambique. Apwitikizi anabwereketsa kachigawo ka dokoli kwa Angerezi kuyambira mu 1891 kuti katundu wobwera kuno azitsikira pamenepo. Kuchoka pa Chinde munthu ankakwera sitima yaing'ono ya nthunzi, kukwera Zambezi, kukhotera mu Shire. Sitimazi zinkayendera nkhuni, choncho zinkaimaima m'njira kupakira mitengo imene anthu a m'midzi anadula.

Kufupi ndi Chikwawa, pa Katunga, ulendo wa pamadzi unkathera pomwepo. Chifukwa chake ndi mathithi aja David Livingstone anawatcha Murchison, omwe ife timawadziwa ndi maina a Kapichira, Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula, kumene lero kumachokera magetsi. Palibe sitima ikanakwera pamenepo. Ndiye chilichonse, kaya ndi bokosi la sopo, kaya ndi chitsulo cha sitima ina yokaimanga kunyanja, kaya ndi mlendo mwini wakeyo, chinkakwera phiri lopita ku Blantyre pamutu ndi pamapewa a anthu. Kuchoka ku Blantyre chinkatsikiranso pa Matope, pamene Shire imayambanso kuyendeka, ulendo wa ku Fort Johnston ndi kunyanja.

Panyanja sitima inkadutsa magombe amene timawaphunzira aja: Nkhotakota, komwe kunali likulu la Jumbe ndi malonda a akapolo, Likoma wa amishoni a UMCA, Bandawe wa amishoni a Livingstonia. Apa tiimepo pang'ono ife a ku Kasungu. Njira ya Caddick inali ya panyanja, ndipo dera lathu linatsalira kumadzulo. Komabe minyanga yambiri imene inkafika pa Nkhotakota inkadutsa kwa Mwase, pa njira yakalekale yochokera ku chigwa cha Luangwa. Livingstone yemwe anatsata njira imeneyo mu 1863 mpaka kufika kwa Mwase.

Pa Karonga, Caddick anatsika sitima n'kulowa msewu wa Stevenson, wolunjika kumwera kwa nyanja ya Tanganyika, mtunda wa makilomita oposa 300. Msewuwu unatenga dzina la James Stevenson, wamalonda wa ku Glasgow amene anapereka ndalama zoulambulira, ngakhale mbali yaikulu inatsala kanjira ka miyendo basi. Ulendo umenewu anauyenda pa machila, ali mzungu yekha pakati pa amuna omunyamula, mpaka anakaiona Tanganyika, n'kubwerera. Buku lake, A White Woman in Central Africa, linatuluka mu 1900. Anapitiriza kuyenda maiko ena mpaka 1914, ndipo anamwalira mu 1927. Makope ake ndi zithunzi zake akusungidwa ku Birmingham.

Powerenga mabuku a nthawi imeneyo mukumana ndi maina achilendo. Lembani awa kuseri kwa kope:
Port Herald ndi Nsanje.
Fort Johnston ndi Mangochi.
Kota Kota ndi Nkhotakota.
Fort Hill ndi Chitipa.
Fort Manning ndi Mchinji.
Fort Jameson ndi Chipata, Abercorn ndi Mbala, ku Zambia.
Fort Alston ndi boma lathu lomwe lino la Kasungu.

Mwaona kuchuluka kwa mawu oti Fort? Amatanthauza linga la asilikali. Mlendo wa mu 1898 ankayenda mwamtendere chifukwa mfuti zinali zitangomaliza kulankhula. Mlozi anagonjetsedwa n'kunyongedwa ku Karonga mu Disembala 1895. Kumapeto kwa chaka chomwecho asilikali a atsamunda anathira nkhondo Mwase Kasungu. Inkosi Gomani ya Angoni a Maseko inaphedwa mu 1896, ndipo Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa kumayambiriro kwa 1898, chaka chomwe Caddick anafika. Bata limene mlendo analiona linali bata la pambuyo pa maliro.

Machila ndi amene ankawasenza

Lero tikamva machila timaganiza za wodwala wopita naye kuchipatala. Kalelo anali galimoto ya azungu. Ankatenga chinsalu cholimba n'kuchimangirira ku nsungwi yaitali, pamwamba n'kuikapo kadenga kotchinga dzuwa. Mlendo ankagona m'menemo, amuna n'kusenza nsungwiyo paphewa, ena kutsogolo ena kumbuyo. Sankayenda mwachifatse ayi, ankathamanga pang'onopang'ono akuimba, ndipo gulu lonse linkakhala la amuna khumi ndi kuposerapo olandirana. Pambuyo pawo pankabwera amtengatenga ena osenza tenti, mapoto, zakudya ndi mabokosi, aliyense mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25. Tangoganizani theka la thumba la feteleza lili pamutu, wopanda nsapato, kuchoka pano mpaka pa Kasungu boma, mawa lake chimodzimodzi, mpaka masabata.

Anthu amenewa anali ndani? Atonga a ku Bandawe anali m'gulu la oyamba kulembedwa ntchito ndi kampani ya Mandala. Kunalinso Ayao, Amang'anja, Angoni, Achewa, ndipo kumpoto anthu a m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa Stevenson. Malipiro nthawi zambiri anali nsalu. Ku East Africa nsalu yoyera ya malondayi ankaitcha merikani chifukwa inkachokera ku mafakitale a ku America. Nanga n'chifukwa chiyani bambo ankasiya munda wake kukasenza mlendo? Ena ankafuna nsaluyo ndithu. Koma kumbukiraninso kuti boma la Harry Johnston linali litayambitsa msonkho wa nyumba, umene pakati pa zaka za m'ma 1890 unali mashiling'i 3. Wopanda ndalama ankayenera kukaipeza kwa amene anali nayo.

Njanji ya pakati pa Port Herald ndi Blantyre itatsegulidwa mu 1908, mtolo unapepukako mbali imeneyo, koma utengatenga sunathe. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Nkhondo yomweyi ndi imene John Chilembwe anailembera kalata yodandaula mu 1914.

Caddick anawayamikira amuna amene anamunyamula, ndipo Sheldon anatchula maina a owerengeka, monga kapitawo wake ndi womasulira. Koma unyinji wawo m'mabukumu uli ngati nambala chabe. Sitimva kuti kumudzi anasiya ndani, phewa linkapola masiku angati, kapena kuti ankanena zotani za mlendoyo madzulo pamoto.

Ife a kuno zimenezi si zachilendo. Belo la fodya likafika ku okushoni ku Chinkhoma limakhala ndi nambala ya mlimi mmodzi. Koma tonse tikudziwa manja amene adutsapo: amene anathirira nazale m'bandakucha, amene anathyola, amene anasoka m'chigafa mpaka zala kuda, amene anasankha, amene anadinda pa jeke. Tenanti, mkazi wake, mwina ndi ena mwa ife patchuthi. Pa belo palibe dzina lawo. Buku la maulendo lili chimodzimodzi: pachikuto dzina limodzi, pansi pake mapewa mazana.

Tiwawerenge bwanji mabuku oterewa?

Wina anena kuti, basi tingowataya, ndi mabuku a atsamunda. Ine ndikuti ayi. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo amalemba zinthu zimene eni mudzi saziona ngati nkhani: mamangidwe a nkhokwe, mtengo wa nkhuku, maonekedwe a doko lisanakhale tauni. Amayiwa analembanso za amayi anzawo, za kusinja, kuumba mbiya ndi kulera ana, zomwe alendo aamuna ankangozidutsa. Popanda iwo zina sitikanazidziwa. Koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Wagona usiku umodzi pamudzi, chinenero sakuchimva, mawa walemba kuti anthu a mtundu wakutiwakuti ndi aulesi kapena ndi ana. Ameneyo tisamumeze wamphumphu.

Ine ndikakumana ndi nkhani yakale yolembedwa ndi mlendo, ndimaifunsa mafunso anayi, ndipo amathandizanso poyankha mayeso.
Choyamba, walemba ndani, ndipo ankalembera yani? Amayi atatuwa ankalembera anthu a ku London, Glasgow ndi Boston, osati agogo athu.
Chachiwiri, analipira ulendo ndani, ndipo anagona kwa yani? Wogona ku Mandala amamva nkhani za dziko kuchokera kwa a Mandala.
Chachitatu, anakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo ankamva chinenero kapena ankadalira womasulira?
Chachinayi, ndani ali m'nkhanimo koma sakulankhula?

Atsikana anzanga, pali china choti titolepo. Amayiwa anayenda ndi kusindikiza mabuku pa nthawi imene kwawo sankaloledwa n'kuvota komwe. Ku United States ufulu wovota wa amayi m'dziko lonse unabwera mu 1920. Anauzidwa kuti ulendo si wa mkazi, iwo anamanga katundu. Khama limenelo titengere. Chimene tisatengere ndi kuiwala amene akutisenza.

Nafenso tinayenda, ena analemba

Musaganize kuti oyenda anali azungu okha. Kamuzu Banda anachoka kuno ku Kasungu wapansi ali mnyamata, kulowera ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, mpaka anakaphunzira udokotala ku America. Mu 1958 Legson Kayira ananyamuka kumpoto kwa dziko lino wapansi, cholinga chake chili sukulu ku America. Patatha zaka ziwiri anafika ku Khartoum, kenako anaulukira ku United States, ndipo mu 1965 anatulutsa buku la ulendo wake lotchedwa I Will Try. Iyeyu machila ake anali mapazi ake. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi, analemba za moyo wake, za ku ukapolo wa ndale ndi za kundende, m'buku la Fearless Fighter la mu 2007. Ndipo William Kamkwamba wa kwa Wimbe, m'boma lathu lomwe lino, amene anasiyira panjira sukulu ya CDSS ngati yathuyi chifukwa chosowa fizi, nkhani yake ya makina a mphepo inatuluka m'buku mu 2009 n'kuwerengedwa m'maiko ambiri.

Koma owerengekawa sangakwanire. M'midzi yathu muli agogo amene anapita ku Joni pa Wenela, ena ku mafamu a ku Halale, ena anawoloka malire kupita ku Lundazi ndi Chipata, ena anachoka ku Mulanje ndi Thyolo kudzalima fodya kuno n'kukhazikika. Muli agogo aakazi amene anatsala ndi ana zaka zisanu akudikira kalata. Mwina alipo amene anamva kwa makolo awo za mtengatenga wa pa nkhondo ya Jeremani. Maulendo onsewa palibe anawalemba, ndipo chaka chilichonse timaika m'manda mabuku angapo osatsegulidwa.

Ndiye ntchito ya mwezi uno nayi. Pezani munthu wamkulu mmodzi kwanu, mupite mwaulemu, mukhale pansi. Mufunseni ulendo wautali kwambiri umene anayendapo: chaka chake, njira yake, anakwera chiyani, anadya chiyani, ananyamula chiyani, anali ndi yani. Mufunse maina a anzake a paulendowo, ndipo akalola muwalembe onse. Tsamba limodzi lakwana, m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chingerezi. Mupereke kwa a komiti ya nyuzi ya pakhoma lisanafike tsiku lotsekera teremu, ndipo zolembedwa bwino tidzazimata pompano.

Mafunso oti mukambirane m'magulu

1. N'chifukwa chiyani katundu wochokera ku Chinde ankasenzedwa pamutu pakati pa Katunga ndi Matope?
2. Fotokozani mgwirizano wa pakati pa msonkho wa nyumba ndi ntchito ya utengatenga.
3. Tchulani zinthu ziwiri zimene buku la mlendo lingatiphunzitse, ndi ziwiri zimene lingatisokeretse nazo.
4. Mukanakhala mmodzi mwa amuna amene ananyamula Helen Caddick kuchoka pa Karonga, mukanalemba chiyani za tsiku loyamba?